Kabulangeti Kopanda Mpendero

Fungo la simbi ya makala ikamadutsa pansalu yonyowa silinandichokebe m'mphuno. Ndikangolimva, kaya ndi pakhonde la telala m'tauni yachilendo, ndimapezeka ndabwerera muholo ya kutchalitchi kwathu ku Kapata, mwezi wa Ogasiti, mphepo ikugwedeza malata ndi kulowetsa fumbi pansi pa chitseko. Muholomo munkamvekanso fungo la sopo wochapira, la mafuta a makina osokera, ndi la mbatata yootcha imene azimayi ankabwera nayo m'mapepala kuti adye masana. Chaka chimenecho ndinali giredi folo. Masukulu anali atatsekera, ndipo amayi anga anali atalembetsa maphunziro osoka mabulangeti a zigamba.

Ine ndinkapita nawo chifukwa kunyumba kunalibe wondisiyira. Ndinali mwana mmodzi yekha, nkhani imene abale a atate sankaiwala kuitchula akabwera kudzacheza. Ankandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti ndakula bwino, kenako n'kufunsa amayi kuti ndidzasewera ndekha mpaka liti. Amayi ankangomwetulira n'kupita kukatereka madzi a tiyi pambaula. Atate, amene ankayendetsa lole yonyamula thonje, ankatsokomola n'kuyamba kudandaula za maenje a mumsewu.

Mphunzitsi wake anali Mayi Soko, mayi wamtali amene anakhala zaka zambiri ku Lusaka, wa magalasi olendewera pachingwe ndi tepi yoyezera m'khosi. Tsiku loyamba atanena kuti abwera kudzaphunzitsa zigamba, holo yonse inaseka mpaka misozi. Zigamba tinkazidziwa kale. Zinali pamatako pa kabudula aliyense wa mu Kapata, ndipo palibe amene ankazinyadira. Mayi Soko anadikira kuti kuseka kuthe, n'kutambasula nsalu imene anabwera nayo. Inali ya tizidutswa tosawerengeka, koma ukaima patali unkaona munda wa mpendadzuwa dzuwa lili paliwombo. Anati alendo opita kukaona nyama ku Mfuwe amagula nsalu zotere n'kukapachika pakhoma ngati chithunzi. "Bulangeti pakhoma, ana akufunda chitenje?" anafunsa Amake Fatsani, oyandikana nafe nyumba. Tinasekanso, koma aliyense anali atasendera kale pafupi kuti aigwireko.

Zidutswa tinkakapempha kwa matelala a kumsika. Ine ndi amayi tinkayenda ndi saka kuchokera pamakina ena kupita pa ena, ndipo matelalawo ankatisesera zotsala zawo uku akutifunsa ngati tayamba kuweta mbewa zofuna zisa. Munkapezeka za mtundu uliwonse. Munali tetroni ya mayunifolomu, khaki wolimba ngati chikopa, zitenje za maukwati ndi za misonkhano ya ndale, lesi wa madiresi a ubatizo, ndi kodiroyi wa mathalauza a salaula, ovalidwapo kale, amene anafupikitsidwa miyendo. Tikafika nazo kuholo tinkazichapa m'mabeseni kuti zosuluka zisulukiretu, n'kuziyanika paudzu titazitsendereza ndi miyala. Kenako simbi inkayamba ntchito, ndipo ine ndinkapatsidwa udindo wokupiza makala.

Sabata yoyamba Mayi Soko anakana kuti munthu agwire singano. Ankati nsalu imayambira m'maso ndi m'chikhatho. Aliyense ankayala tizidutswa take pamphasa, kenako n'kubwerera cham'mbuyo mpaka kukhoma, n'kuchepetsa maso ngati munthu woyang'ana dzuwa, kuti aone pamene pada kwambiri ndi pamene payera kwambiri. Chofiira chikagundana ndi chofiira chinzake ankati zikukangana, pakati pake paikidwe chotuwa chozileretsa. Nthawi zina ankawauza kuti atsinzine n'kuyendetsa dzanja pamwamba, amve pokhakhala, poterera ndi pofewa, chifukwa dzanja nalonso limatopa likamangomva chinthu chimodzi. Azimayi amene anasankha zitenje moyo wawo wonse ankauzidwa kuti sadziwa mitundu, ndipo ankang'ung'udza chapansipansi kuti za ku Lusaka n'zovuta. Komabe pofika Lachisanu unkawapeza ataimirira kukhoma, mitu itapendekeka, akukangana ngati chachikasu chija chikufuula kapena ayi.

Amayi anasankha kusoka phiri limene tinkaliona tikaima pakhomo pathu, mmene limaonekera m'chilimwe. Udzu wouma anaupanga ndi khaki, miyala ndi zidutswa za bulangeti lotuwa, ndipo malo a lupsa, pamene moto unadutsa, anaikapo kodiroyi wakuda. Anali munthu wosalankhula kwambiri, koma pamphasa paja ankaiwala kuti pali anthu. Ankasuntha kachidutswa kamodzi, n'kukabwezera, n'kukasunthanso, lilime lili pakona pa mlomo. Mayi Soko akafika pa iwo sankanena zambiri, ankangogwedeza mutu n'kupitirira. Ine ndinkanyada ngati phirilo ndasoka ndine.

Pa nthawiyo amayi anali ndi pakati. Palibe amene anandiuza, koma mwana wa mu Kapata, kumene nyumba zimamverana kutsokomola, sachedwa kudziwa zinthu. Chitenje anali atayamba kumangira m'mwamba. Ankagula dothi kumsika n'kumadya mobisa, fungo la tinsomba ta kapenta linkawathamangitsira kuseri kwa nyumba, ndipo atate akabwera kuulendo ankawatengera malalanje osafunsa kuti ena tikufunanso chiyani. Ankandiuza kuti ana amagulidwa kuchipatala, ndipo ine ndinkavomera kuti akuluakulu asachite manyazi. Mumtima ndinkawerengera kale zimene ndidzachite ndi mwanayo, mmene ndidzamuberekere ndi kumuonetsa kwa anzanga amene ankandiseka kuti ndilibe wondiitana kuti achemwali. Chimene sindinkadziwa n'chakuti nkhani imene aliyense akuiona ikhoza kukhala yosanena.

Kuti ndisamasokoneze akuluakulu, Mayi Soko anandipatsa mulu wanga wa tizidutswa ndi kamphasa pakona. Ine mitundu sindinaisamale kwenikweni, ndinatsata dzanja. Ndinatsinzina monga ankaphunzitsira, n'kumasankha zofewa zokhazokha, ndikuziyesa patsaya. Ndinapeza nsalu ya pijama ya mtundu wa dzira, zidutswa za siketi yobiriwira imene inachapidwa mpaka kufewa, ndi kachidutswa kamodzi ka veleveti wofiirira kamene ndinakaika pakati penipeni ngati mfumu. Lesi ndinamukana chifukwa ankakanda. Nditabwerera kukhoma n'kuchepetsa maso, ndinaona kuti ndapanga chinthu chokongola.

Tsiku loyamba kugwira singano, Mayi Soko anayenda pamphasa iliyonse akufunsa funso limodzi, lakuti nsaluyo akusokera ndani. Ankati munthu akadziwa mwini wake wa chinthu, ulusi umayenda mowongoka. Ena anati n'zogulitsa, ena anati n'za apongozi, Amake Fatsani anati n'zawo zomwe chifukwa palibe anawasokerapo kanthu chibadwire. Atafika pakona panga anawerama, magalasi akulendewera. "Nanga iwe Esinati, kabulangeti kokongolaka n'ka ndani?" Ndinaimirira monga tinkachitira kusukulu, manja kumbuyo, n'kuyankha mokweza kuti ndi kumbuyo komwe amve. "N'ka mwana amene ali m'mimba mwa amama."

Makina opalasa ndi mapazi amene ankalira kumapeto kwa holo anaima. Sizasi zinasiya kudula. Amake Fatsani analavula pang'ono pambali n'kunena chapansipansi kuti, "Mwana iwe, pakamwa." Mayi Soko anawongoka pang'onopang'ono, n'kuyang'ana kumene kunali amayi. Anangondisisita paphewa n'kupita pamphasa yotsatira. Amayi sanadzutse mutu. Anapitiriza kulowetsa ulusi pasingano, koma ulusiwo unkangophonya.

Pobwerera kunyumba anayenda patsogolo, ine pambuyo ndi saka. Tinadutsa pamsika, tinadutsa pamene anyamata a njinga amadikirira anthu. Titafika pachigayo, pamene phokoso linkabisa mawu, anaima n'kundigwira dzanja, osati mwaukali. "Esinati, mwana asanabadwe sitimutchula pagulu. Sitimugulira kanthu, sitimusokera kanthu. Wamva?" Ndinafunsa chifukwa chake. Anayang'ana kumbali, kumene ufa unkatuluka pazenera la chigayo, n'kuyankha ndi liwu limodzi. "Amabwerera." Sindinamvetse kuti munthu amene sanafike angabwerere bwanji, koma nkhope yawo inandiletsa kufunsanso.

M'mawa mwake kamphasa kanga kanali pomwepo, tizidutswa tili mmene ndinatisiyira, veleveti ali pakati. Ndinakhala nthawi ndikungotiyang'ana. Kenako ndinaganiza nzeru imene ndinkaiona ngati yakuya kwambiri, yakuti ndikauza aliyense kuti n'ka chidole changa, mwanayo sadziwa. Ndinakokera kamphasako kuseri kwa benchi n'kuyamba kusoka. Azimayi akafunsa ndinkati n'ka chidole, iwo n'kuyang'anana. Amayi ankandiona ndithu, chifukwa nthawi zina ndikadzutsa mutu ndinkapeza maso awo ali pamanja anga. Sanandiletse, ndipo ine ndinatenga kukhala chete kwawoko ngati chilolezo.

Ndinasoka masiku ambiri. Zala zanga zinabooka mpaka ndinkalephera kugwira mchere. Misoko yanga inali yokhotakhota, ina yaitali ina yaifupi, koma inkagwira. Mayi Soko anandionetsa kuika thaulo lakale pakati kuti kazitentha, ndi nsalu imodzi yosadula kunsi, kenako kusoka zitatuzo pamodzi mizeremizere mpaka pamwamba pake patatupa timapiri ting'onoting'ono. Chimene chinandikanika ndi mpendero, kansalu kopyapyala kamene kamazungulira m'mbali kuti ulusi usamasosoke. M'mbali mowongoka ndinkayesako, koma pangodya nsalu inkangounjikana ngati chotupa. Ndinasoka ndi kusosola mpaka ngodya imodzi inayamba kung'ambika. Mayi Soko anati ndidikire, adzationetsa tonse sabata yomaliza. Ndinakapinda n'kupita nako kunyumba m'kati mwa juzi, n'kukabisa pansi pa mabuku m'katoni yanga kunsi kwa bedi.

Masiku omwewo kunabwera azakhali aNaJere, alongo awo a atate, kuchokera kumudzi kufupi ndi Mtenguleni. Anabwera ndi thumba la mtedza, nkhuku yomanga miyendo, ndi maso oona chilichonse. Anati abwera kudzathandiza ntchito zapakhomo, osatchula chifukwa chake ntchitozo zinkafuna wothandiza. Sanali munthu woipa. Ankandisungira chiwindi cha nkhuku ndi kundiphunzitsa nyimbo za kumudzi. Koma anali ndi lamulo pa chilichonse, ndipo amayi analetsedwa kuima pakhomo, kudya mazira ndi kumanga mfundo pachitenje. Kuholo anasiya kupita chifukwa miyendo inali itatupa, ndipo ine ndinasiya nawo.

Tsiku lina masana ndikuchokera kumpopi, ndowa ili pamutu, ndinamva mawu a azakhali ali m'chipinda. "Alamu, misala yanji imeneyi? Mwadikira zaka zonsezi kuti mudzachite zimenezi? Chichoke m'nyumba muno lero lomwe." Mawu a amayi sanamveke. Nditatula ndowa, onse awiri anatuluka, azakhali nkhope ili gwa, amayi maso ali pansi. Ndinadikira kuti apite kuseri, n'kukwawira kunsi kwa bedi. Mabuku anali momwemo, koma kabulangeti kanga munalibe. Ndinadziwa kuti azakhali akapeza, ndipo amayi akalipiridwa chifukwa cha ine. Ndinalira pang'ono kunsi kwa bediko chifukwa cha veleveti wanga, koma pena mtima unapepuka. Ndinati poti katayidwa, ndiye kuti ngozi yatha.

Amayi anapita kuchipatala m'mawa wina kukuzizira, atate atabwereka galimoto ya mnzawo. Anatuluka atatsamira paphewa la azakhali, akuluma mlomo, ndipo podutsa anandigwira pamutu. Ine ndinasiyidwa kwa Amake Fatsani. Tsiku lonse ndinasesa pakhomo pathu kawirikawiri, ndikuyang'ana kumsewu galimoto iliyonse ikamveka. Madzulo atate anabwera okha wapansi. Anakhala pampando panja osavula nsapato, chinthu chimene sankachita, manja ali pakati pa mawondo. Nditawapatsa madzi anandithokoza ngati mlendo.

Mawa lake azimayi achikulire angapo anasonkhana kwa Amake Fatsani, n'kunyamuka ndi azakhali atatenga khasu limodzi. Panalibe mwamuna, panalibe bokosi, panalibe nyimbo. Pobwera anasamba m'manja kuseri kwa nyumba, aliyense n'kupita kwawo. Amake Fatsani ndi amene anandiitanira kukhitchini n'kundikhazika pamwendo ngati kamwana. "Esinati, mwana wabwerera. Amama ako abwera mawa. Koma usalire, wamva? Wotere sitimulira, ukalira amama ako sadzaonanso wina." Mawu enawo sindinawamve bwino. Ndinamva limodzi lokha lija, limene ndinalimva koyamba pachigayo.

Maliro ndinkawadziwa. Mu Kapata munthu akamwalira mipando inkatulutsidwa panja, azibambo ankasonkha moto, amayi a kwaya ankaimba mpaka mawu kusasa, ndipo wofedwa ankalira anthu atamugwira. Kwathu sikunachitike chilichonse cha zimenezi. Amayi anabwera atamangidwa chitenje cholimba pachifuwa kuti mkaka uume, koma mkakawo unkadutsabe n'kunyowetsa bulauzi. Analowa m'chipinda n'kugona choyang'ana kukhoma. Anthu ankabwera mmodzimmodzi, n'kukhala pang'ono, n'kukamba za mphepo ndi mtengo wa makala. Lolemba atate anapita kuntchito. Nyumba inali yoyera, yosesedwa bwino, ndipo munalibe chinthu chimodzi chosonyeza kuti tinkayembekezera munthu.

Azakhali sanandinene m'maso. Koma tsiku lina akusenda mtedza pakhonde ndi Amake Fatsani, ine ndikutsuka mbale chapafupi, anapumira m'mwamba n'kunena kuti, "Anthu akauzidwa samva. Phuma ndi limene latipweteka." Amake Fatsani anayang'ana kumene ndinali n'kusintha nkhani. Kwa ine mlandu unathera pomwepo. Ndinauzidwa, sindinamve, ndinanamiza anthu kuti n'ka chidole, ndipo mwana anadziwa. Ndinkamuganizira ali m'njira akubwera kwathu, n'kumva akutchulidwa mofuula muholo, n'kuona kuti ena amuyalira kale pogona asanagogode, n'kutembenuka. Ndinkaganiza kuti mwina anali atatsala pang'ono kufika.

Chimene chinanditsimikizira chinali amayi. Loweruka lililonse ankandiluka tsitsi nditakhala pakati pa miyendo yawo, akundikoka makutu ndikagwedezeka, akundiuza nkhani za kusukulu kwawo. Loweruka limenelo anandipatsa chipeso ndi ulusi n'kundituma kwa Amake Fatsani. Lotsatira chimodzimodzi. Ndikawapititsira tiyi ankalandira kapu maso ali kukhoma. Ndikalowa m'chipinda ankatseka maso ngati agona, koma ndinkaona zikope zikugwedera. Sanandikalipire ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zinkandipweteka kwambiri. Ndinkatunga madzi osatumidwa, ndinkakwecha mapoto ndi mchenga mpaka zikhadabo kutha, tsiku lina ndinaswa dala kapu kuti mwina andimenye tithane nazo. Anangouza azakhali kuti asese magalasiwo ndingadzicheke.

Ndinali ndisanaloledwe kulapa, chifukwa kalasi yathu ya katekisimu inali isanafike pamenepo, koma Loweruka lina ndinakaima pamzere ndi akuluakulu. Ansembe anali okalamba, ochokera kudziko lakutali, ndipo Chinyanja chawo chinali cha m'buku. Nditagwada ndinanena zimene ndinakonzekera njira yonse. "Ndinapha mwana." Kuseri kwa nsalu yotchinga, ansembe anafunsa kuti ndinamupha bwanji. Ndinati ndinamusokera bulangeti. Anatsokomola, n'kundifunsa zaka zanga, n'kundiuza mofatsa kuti kusoka si tchimo, ndipo Mulungu satenga ana chifukwa cha nsalu. Anandipatsa kapemphero kakafupi n'kundidalitsa. Ndinatuluka ndili wokhumudwa. Ndinati ansembewa si akuno, za kuno sazidziwa, ndipo kukhululuka kwa munthu amene sanamvetse mlandu sikuwerengedwa.

Tsiku lotsekera maphunziro amayi anandituma kuholo kukatenga nsalu yawo. Ndinapeza zingwe zitamangidwa kuchokera pazenera kufika pazenera, mabulangeti atapachikidwa, anthu akuyenda pakati pake akuloza. Panali nkhanga za madontho a mabatani, panali msika wa tomato, panali la Amake Fatsani lofiira ngati moto limene anakana kugulitsa. Onse anali ndi mpendero wowongoka, ngodya zake zogona bwino. Azimayi amene ankandiseka masiku onse aja anandipatsa moni mwaulemu, ndipo ulemuwo unandichititsa manyazi kuposa kunditukwana. Mayi Soko anatulutsa phiri la amayi m'kabati. Linali lopanda thambo, pamwamba pake pali mapini okhaokha. Analipinda bwinobwino, n'kuliika m'manja mwanga, n'kunena kuti, "Uwauze amama ako kuti adzamalize akapeza mphamvu." Za kabulangeti kanga sanafunse.

Amayi analandira nsaluyo osaitambasula, n'kuiika pansi pa sutikesi. Masukulu anatsegulira, kunayamba kutentha, azakhali anabwerera kumudzi kukasosa. Pang'onopang'ono amayi anadzuka, anayambanso kupita kumsika, anayambanso kundifunsa za homuweki. Mvula yoyamba itagwa anandiitana kuti andiluke, ndipo ndinakhala pakati pa miyendo yawo osagwedezeka ngakhale pang'ono, iwonso osandikoka khutu. Tinakhala bwino, monga anthu awiri aulemu. Mwana wina sanabwerenso m'nyumba mwathu, ndipo ine singano sindinaigwirenso. Batani likathothoka ndinkamangira ndi pini.

Ndinakula, ndinakhala mphunzitsi ku Katete, ndinakwatiwa. Nditakhala ndi pakati poyamba, sindinagule kanthu. Anamwino kusikelo ankandikalipira mwezi ndi mwezi kuti mayi wophunzira ngati ine ndingafike bwanji pamenepa wopanda ngakhale thewera. Mwamuna wanga atabwera ndi timasokosi tsiku lina, ndinamubweza nato kusitolo osalowa nato m'nyumba. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti nsalu siipha mwana, ndinkaphunzitsa sayansi, koma manja anga ankakana. Mwezi wotsiriza amayi anabwera kudzandidikirira. Atapuma anatsegula wadirobu, anasuzumira kunsi kwa bedi, n'kundiyang'ana.

"Za mwana zili kuti?"

"Mukudziwa chifukwa chake, amama."

"Sindikudziwa."

"Kabulangeti kaja. Munandiuza pachigayo, ine sindinamve."

Anakhala pabedi pang'onopang'ono, atagwira bondo. "Zaka zonsezi iwe ukuti ndiwe?" anatero. Kenako anandiuza. Kabulangetiko sanakapeze azakhali, anakapeza ndi iwo akusesa kunsi kwa bedi. Anatuluka nako kuti akakataye m'chimbudzi, koma atafika pakhomo anakagunditsa patsaya, ndipo analephera kukataya. Anabwerera m'chipinda, anang'amba kansalu kumapeto kwa chitenje chawo, n'kuyamba kuika mpendero. "Azakhali ako anandipeza singano ili m'manja, ndili pangodya yomaliza. Ankakalipira ine, mwana wanga. Phuma ankanenalo linali langa."

Ndinafunsa chifukwa chimene anasiyira kundiyang'ana. "Iwe unali mwana, sunkadziwa kanthu. Ine ndinkadziwa, koma ndinasoka. Ndikakuona ndinkangoti undifunsa kuti mng'ono wako ndamupititsa kuti." Kunali koyamba kumva kuti anali mtsikana. Anati anamwino anawauza tsiku lomwelo kuti chingwe cha mchombo chinamuzinga m'khosi, ndipo palibe akanachitapo kanthu, koma zimenezo anazimva ndi makutu okha. Kabulangetiko sanakataye. Anakabisa pansi pa chikwama chopita nacho kuchipatala, ndipo azimayi aja atabwera kudzatenga mwana, azakhali akufunafuna chitenje chakale, amayi anakatulutsa. Azakhali anakayang'ana, n'kumukulunga okha ndi manja awo.

Ndili mwana ndinkaona mayi amene wandifulatira chifukwa ndamuphera mwana, ndipo ndinkati akuchita bwino. Tsopano ndimaona anthu awiri m'kanyumba ka zipinda ziwiri, aliyense atasenza mlandu womwewo payekha, aliyense akuthawa maso a mnzake, pamene mlanduwo panalibe n'komwe. Amayi analetsedwa kulira, ine ndinaletsedwa kulira, ndipo tonse tinamvera bwino kwambiri. Zimenezi ndinaziganiza pambuyo pake. Tsiku limenelo, nditakhala pambali pawo ndi mimba yanga yaikulu, funso limene linatuluka linali la mwana wa giredi folo.

"Kanamukwana?"

Amayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, n'kutambasula manja awo pamiyendo ngati akuyeza. "Kanamukwana," anatero. "Kanatsalako pang'ono kumapazi."